Kusankha kamera yojambulira nyenyezi ndi zinthu zothamanga: mafunso ndi mayankho kwa ojambula a ku Chipata

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amandifunsa mobwerezabwereza kuno ku Chipata. Ena ndi achinyamata amene amadya za kujambula maukwati ndipo akufuna kukulitsa ntchito, ena ndi aphunzitsi ofuna kujambula masewera a kusukulu, ena anangoona chithunzi cha Mlalang'amba pa Facebook n'kufuna kudziwa kuti chinatheka bwanji. Ndayamba ndi mafunso osavuta, ozamirapo ali kumapeto.

Kodi kamera imodzi ingajambule nyenyezi usiku komanso mpira kapena magule masana?

Ingajambule. Ntchito ziwirizi zimafuna zinthu zosiyana kwambiri, koma zimazifuna kuchokera ku ziwalo zosiyana za kamera, ndipo mwayi wathu uli pamenepo.

Pojambula nyenyezi, kamera imakhala phee pa tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu), shata (kachitseko kolola kuwala kulowa m'kamera) imatseguka masekondi 10 kapena 20, ndipo fokasi mumaika ndi dzanja. Liwiro la kamera silithandiza chilichonse apa. Chimene chimagwira ntchito ndi lenzi yolowetsa kuwala kochuluka. Pojambula wosewera mpira kapena impi yovina ingoma, shata imatseguka kwa 1/1000 ya sekondi, ndipo kamera iyenera kutsatira munthuyo yokha osamutaya. Apa bodi ya kamera, kutanthauza kamera yeniyeniyo popanda lenzi, ndiyo imaonetsa mphamvu zake.

Choncho malangizo anga ndi awa: posankha bodi ganizirani zothamanga, posankha lenzi ndi tripod ganizirani usiku. Pafupifupi kamera iliyonse yosintha malenzi imene inatuluka kuyambira cha m'ma 2012 imajambula Mlalang'amba bwinobwino ikapeza lenzi yoyenera ndi mdima weniweni. Koma si kamera iliyonse imene ingatsatire mnyamata wothamanga ndi mpira pa David Kaunda Stadium.

Foni yanga ili ndi kamera yabwino. Singakwanire?

Pa nyenyezi, yesani kaye musanagule kanthu. Mafoni ena, monga a Google Pixel kuyambira Pixel 4 ya 2019, ali ndi njira yapadera imene imajambula thambo mpaka mphindi 4 n'kuphatikiza zithunzizo kukhala chimodzi. Foni ikakhala pa tripod kumalo amdima, zotuluka zake n'zokwanira kuika pa WhatsApp. Mukafuna kusindikiza chithunzi chachikulu m'pamene mumaona kuti nyenyezi zasanduka phala.

Pa zothamanga foni imagonja msanga, makamaka chinthucho chikakhala patali. Kawirikawiri kukokera pafupi ndi zala n'kungodula chithunzi. M'mafoni ambiri lenzi yaitali yeniyeni mulibe.

Full frame ndi APS-C n'chiyani, ndipo yabwino ndi iti?

Awa ndi maina a kukula kwa sensa, kachipangizo kolandira kuwala mkati mwa kamera. Ya full frame ndi mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Ya APS-C ndi pafupifupi 23.5 ndi 15.6 pa Nikon, Sony ndi Fujifilm, ndipo ya Canon ndi yocheperako pang'ono. Malo a full frame amaposa a APS-C kupitirira kawiri. Zili ngati kutchera beseni lalikulu ndi laling'ono pamvula yowaza: lalikulu limapeza madzi ambiri pa nthawi yomweyo. N'chifukwa chake zithunzi za usiku za full frame zimatuluka zoyera, zopanda timadontho tambiri.

APS-C nayo ili ndi phindu lake masana. Popeza imaona kachigawo ka pakati kokha, lenzi ya 300mm (nambala ya mm ikakula, lenzi imakokera zakutali pafupi) imaonetsa zinthu ngati ya 450mm pa Nikon kapena Sony, ndiponso ngati ya 480mm pa Canon. Kwa munthu wojambula nkhwazi kutsidya la Luangwa kapena goloboyi ali kumapeto ena a bwalo, phindu limeneli ndi lalikulu, ndipo malenzi ake ndi opepuka komanso otsika mtengo.

Ngati mtima wanu uli kwambiri ku nyenyezi ndipo thumba likulola, tengani full frame. Ngati muli pakatikati, ine ndingasankhe APS-C yabwino n'kusunga ndalama za lenzi. Kusiyana kwa timadontho kumachepetsedwa ndi njira imene ndafotokoza m'munsimu pa funso la timadontho timeneti, totchedwa noise.

Nanga mamegapikiseli? Ochuluka si ndiye abwino?

Apakati pa 20 ndi 26 ndi okwanira pa ntchito zonse ziwiri. Sony a7S III, imene inapangidwira malo amdima, ili ndi 12 okha. Mamegapikiseli akachuluka mafayilo amakula, khadi limadzaza msanga, kompyuta imachedwa, ndiponso kusuntha kwa nyenyezi kumaonekera msanga mukakulitsa chithunzi. Amathandiza pokhapokha ngati mumakonda kudula zithunzi za mbalame zakutali.

Ndigule DSLR kapena mirrorless?

DSLR ili ndi kagalasi mkati kamene kamatumiza chithunzi ku diso lanu, pamene mirrorless ilibe kagalasiko. Kuyambira 2018, pamene Canon inatulutsa EOS R ndipo Nikon inatulutsa Z6 ndi Z7, makampani awiriwa anatembenukira ku mirrorless, kumene Sony inali itayamba kale. Zatsopano pafupifupi zonse zikubwera kumeneko. Makamera a mirrorless a masiku ano amazindikira diso la munthu, nyama kapena mbalame n'kumalitsatira, ndipo usiku sikirini yake imaonetsa nyenyezi mowala, zimene zimapepukitsa kuika fokasi.

Koma DSLR musainyoze. Chifukwa choti anthu ambiri akunja akugulitsa zawo, mitengo ya zogwiritsidwapo kale ntchito yatsika, malenzi ake ali mbwee, ndipo batire limakhalitsa. Nikon D750 inayesedwa kuti imajambula zithunzi 1,230 pa batire limodzi, pamene Sony a7 III imajambula pakati pa 610 ndi 710. Kwa ife amene timadziwa za kupita kwa malaiti, kusiyana kumeneku si kwamasewera. Komanso malenzi a Canon EF ndi a Nikon F amalowa pa mirrorless za makampani omwewo pogwiritsa ntchito adaputala, ndiye mukadzasintha bodi m'tsogolo simudzataya malenzi.

Pa zothamanga, ndiyang'ane chiyani kwenikweni pa kamera?

Choyamba ndi autofocus (fokasi imene kamera imaika yokha) yotsatira chinthu choyenda, imene Canon amaitcha AI Servo kapena Servo AF, ndipo Nikon ndi Sony amaitcha AF-C. Makamera onse ali nayo, koma amasiyana kutalitali. Canon 2000D, imene yafala kwambiri pakati pa ojambula ongoyamba kumene, ili ndi malo 9 a fokasi ndipo imajambula zithunzi 3 pa sekondi. Canon 7D Mark II ili ndi malo 65 ndi zithunzi 10 pa sekondi. Nikon D500 ili ndi malo 153, nayonso zithunzi 10 pa sekondi. Pa ukwati kusiyanaku simungakuone. Pa bwalo la mpira mumakuona m'mphindi zisanu zoyambirira.

Chachiwiri ndi kuchuluka kwa zithunzi pa sekondi. Zapakati pa 8 ndi 10 n'zokwanira mpira, netibo, mpikisano wa njinga ndi magule. Sony a9 III imafika 120 pa sekondi, koma madzulo ake mudzakhala ndi zithunzi masauzande zoti musankhemo.

Chachitatu, chimene ambiri amaiwala, ndi buffer, malo amene kamera imasungirako zithunzi podikira kuti khadi lizilandire. Buffer ikadzaza kamera imayamba kuzengereza, ndipo kawirikawiri izi zimachitika pa nthawi yeniyeni imene chigoli chikulowa. D500 imafika zithunzi 200 za RAW (mafayilo aakulu osunga zonse zimene sensa yaona) isanaime. Makamera aang'ono ena amaima asanafike n'komwe 10. Khadi lothamanga, monga SD ya UHS-II yolembedwa V60, limathandiza ngati kamera yanu imalandira mtundu umenewo. Makhadi abodza ndi ambiri, ndiye mukaona khadi lalikulu likugulitsidwa motchipa modabwitsa, lisiyeni.

N'chifukwa chiyani zithunzi zina zimatuluka ndi mpira wopindika kapena nthungo yokhota?

Zimachitika mukamagwiritsa ntchito shata yamagetsi, ija yosalira. Sensa zambiri zimawerengedwa mzere ndi mzere kuchokera pamwamba kutsika pansi, ndipo chinthu chikamathamanga chimakhala chitasuntha kale pamene mzere wotsiriza ukuwerengedwa. Canon R7 imajambula zithunzi 30 pa sekondi ndi shata yamagetsi koma 15 ndi shata wamba, ndipo pa mpira ndi bwino kutenga ya 15. Makamera okwera mtengo okhala ndi sensa yowerengedwa mofulumira, kuyambira Sony a9 ya 2017, anachepetsa vutoli kwambiri. Shata yosalira isungireni m'tchalitchi ndi pojambula nyama zimene zili chiimire.

Ndalama zanga n'zochepa. Tchulani makamera enieni.

Mitengo imasintha ndi mphamvu ya kwacha, ndiye ndingotchula mayina.

Kwa wokonda kwambiri usiku, Canon 6D ya 2012 ndi full frame imene ojambula nyenyezi akhala akuikonda kwa zaka zambiri, ndipo tsopano ndi yotsika mtengo. Vuto lake ndi loti ili ndi malo 11 okha a fokasi ndi zithunzi 4.5 pa sekondi, ndiye pa mpira imavutika. Nikon D750 ya 2014 ndi imene ndimaitchula kawirikawiri kwa munthu wofuna zonse ziwiri pa ndalama zochepa: full frame, mamegapikiseli 24, zithunzi 6.5 pa sekondi, ndi fokasi yodalirika.

Kwa wokonda kwambiri zothamanga, pali Nikon D500, Nikon D7500, Canon 7D Mark II, ndipo ku mirrorless kuli Sony a6400, Canon R10 ndi R7. Zonsezi ndi APS-C ndipo usiku zimagwiranso ntchito. Thumba likakula, Sony a7 III ya 2018, Nikon Z6 II ndi Canon R6 Mark II zimachita ntchito zonse ziwiri popanda chodandaula.

Chinthu china muchiganizire: anzanu amene mumagwira nawo ntchito ali ndi kamera za kampani iti? Kubwerekana lenzi, batire kapena chaja pa tsiku la mwambo kumapulumutsa. Ndipo pa ndalama zonse zimene muli nazo, theka kapena kupitirirapo lipite ku malenzi ndi tripod.

Ndili ndi lenzi ya 18-55mm imene inabwera ndi kamera. Ingajambule nyenyezi?

Ingajambule, ndipo yambirani pomwepo. Ikani pa 18mm ndi f/3.5. Nambala ya f imasonyeza kukula kwa chibowo cholowera kuwala, ndipo nambala ikachepa chibowo chimakula. Lenzi ya f/2.8 imalowetsa kuwala kowirikiza kawiri ka f/4, ndipo ya f/2 imalowetsa kowirikiza katatu ka f/3.5 yanuyo. Kugula lenzi ya f/2 kumasintha zithunzi za usiku kuposa kugula bodi yatsopano.

Malenzi odziwika osadula kwambiri ndi Samyang 14mm f/2.8 ya full frame, imene kwina imalembedwa Rokinon, Samyang 12mm f/2 ya mirrorless za APS-C, ndi Tokina 11-16mm f/2.8 ya DSLR za APS-C. Mitundu yotchipa ya Samyang ilibe autofocus, koma usiku simuifuna. Ngati muli ndi 50mm f/1.8 ya maukwati, iyeseni pa Mtanda wa Kummwera kapena pa Nsangwe, ndi shata ya masekondi 4 kapena 5 basi.

Poyesa lenzi, yang'anani nyenyezi za m'makona a chithunzi. Malenzi ena amazitulutsa ngati zili ndi timapiko. Kutseka chibowo pang'ono, mwachitsanzo kuchoka pa f/1.8 kufika pa f/2.5, kumakonza zambiri.

Tripod isakhale ija yopepuka ya pulasitiki yogwedezeka ndi kamphepo ka Julayi. Ikasowa, thumba la mchenga kapena la nyemba pamwamba pa mwala limagwira bwino kuposa tripod yofooka.

Nanga ya mpira, ya miyambo ndi ya ku Luangwa?

Masana 70-300mm yotsika mtengo imakwanira zambiri. Pa mpira ikani shata pa 1/1000, pa mbalame zouluka 1/2000, ndipo ISO, nambala imene ikakwera chithunzi chimawala, muisiye izisintha yokha. Mukafuna kuonetsa liwiro la wapanjinga mumsewu wa ku Kapata, tsitsani shata kufika 1/40 n'kumamutsatira ndi kamera. Iye amatuluka bwino, kumbuyo kwake n'kuoneka kothamanga.

Nc'wala, imene imachitika ku Mtenguleni Loweruka lomaliza la Febuluwale, imagwa nthawi ya dzinja. Mitambo imachepetsa kuwala, mvula ikhoza kugwa nthawi iliyonse, ndipo khamu silikulolani kuyenda momwe mukufunira. Apa 70-200mm f/2.8 imaonetsa chifukwa chake ndi yodula. Mapazi a ovina ingoma amamenya pansi mofulumira kuposa momwe diso limaganizira, ndiye musatsike pansi pa 1/800. Nyamulani pulasitiki yophimbira kamera. Ku Kulamba, ku Mkaika m'boma la Katete kumapeto kwa Ogasiti, mdani ndi fumbi. Kuwala kumakhala kochuluka, koma musasinthe lenzi pabwalo. Fumbi lomwelo likaombedwa ndi dzuwa kumbuyo kwa wovina limatulutsa zithunzi zokongola kwambiri, ndiye sankhani mbali yoimirira mwanzeru.

Ku South Luangwa, 300mm pa APS-C imakwanira njovu, nyamalikiti ndi mikango. Mbalame zimafuna 400mm kupita m'tsogolo, monga Sigma kapena Tamron 150-600mm. Mu Seputembala ndi Okutobala mbalame zofiira zija zotchedwa carmine bee-eater zimakumba zisa m'magombe a mtsinje, ndipo palibe mayeso a autofocus oposa amenewo. Pakiyi imalolanso maulendo a usiku a pagalimoto ndi nyali, kumene anthu amaona akambuku. Pamenepo lenzi ya f/2.8 ndi ISO ya 6400 zimapambana lenzi yaitali yamdima.

Kodi Gule Wamkulu ndingajambule momasuka?

Funsani kaye. Gule analengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, koma eni ake ndi Achewa ndi mafumu awo. Pa mwambo wapoyera monga Kulamba pamakhala okonza mwambo amene amauza ojambula poima. Kumudzi, pamaliro kapena pachinamwali, pitani kwa amfumu ndi akuluakulu a gule, nenani cholinga chanu ndi kumene zithunzizo zidzapite. Kudambwe sikojambula, ndipo lenzi yaitali isakhale njira yobera zimene simunaloledwe kuona. Akakukanizani, bwezerani kamera m'chikwama.

Nyenyezi zanga zikutuluka ngati timizere. Ndikulakwitsa pati?

Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, ndiye shata ikatseguka nthawi yaitali nyenyezi zimasiya mkwasa. Lamulo lakale limati gawani 500 ndi kutalika kwa lenzi. Pa 14mm ya full frame mumapeza masekondi 35. Pa APS-C muyambe mwachulukitsa kutalika kwa lenziyo ndi 1.5 kapena 1.6, ndiye 18mm imapereka masekondi 17 kapena 18. Lamuloli linachokera nthawi ya filimu ndipo sensa za lero zimaona zolakwika msanga, choncho ine ndimagwiritsa ntchito 300 m'malo mwa 500: masekondi 20 pa 14mm, ndi 10 kapena 11 pa 18mm ya APS-C.

Poyambira pabwino ndi apa: kamera pa M (pamene zonse mumaika nokha), RAW, chibowo chotsegula kotheratu, ISO 3200, chochepetsa kugwedezeka chozimitsa, ndi timer ya masekondi 2 kuti chala chanu chisagwedeze kamera. Timizere tikakhala tokhotakhota m'malo mowongoka, ndiye kuti vuto ndi tripod kapena mphepo.

Fokasi usiku imandikanika. Ndichite bwanji?

Zimitsani autofocus. Lozetsani kamera ku nyenyezi yowala kwambiri, monga Sirius, Canopus, kapena ziwiri zija zoloza ku Mtanda wa Kummwera. Yatsani sikirini, kulitsani kakhumi, ndipo zungulitsani mphete ya fokasi pang'onopang'ono mpaka nyenyeziyo itakhala kadontho kakang'ono kwambiri. Kenako matani mpheteyo ndi tepi. Chizindikiro cha infinity (fokasi ya kutali kotheratu) cholembedwa pa lenzi musachikhulupirire, chifukwa malenzi ambiri amapitirira pamenepo. Jambulani chimodzi, chikulitseni, onetsetsani, kenako pitirizani.

Maso amatenga mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowere mdima, ndipo tochi yoyera imawononga zonsezo kamodzi. Iphimbeni ndi pulasitiki yofiira.

Zithunzi zanga zadzaza timadontho ta mitundumitundu. Ndi kamera yoipa?

Timadonthoto ojambula amati noise. Kawirikawiri chifukwa chake ndi kuchepa kwa kuwala kumene kwafika pa sensa, osati ISO payokha. Kutentha kumawonjezeranso, n'chifukwa chake chithunzi cha usiku wa Okutobala ku Mfuwe chimakhala ndi noise yambiri kuposa cha usiku wa Juni kumapiri a Chipata.

Mankhwala ake ndi aulere. Jambulani zithunzi 16 zotsatizana osasuntha kamera, kenako ziphatikizeni pa kompyuta ndi pulogalamu monga Sequator, DeepSkyStacker kapena Siril. Pulogalamuyo imaika nyenyezi pamalo amodzi m'zithunzi zonse pamene noise imasinthasintha, ndiye pophatikiza noise imafafanizika. Zithunzi 4 zimaichepetsa ndi theka, zithunzi 16 zimasiya gawo limodzi mwa magawo anayi. Sequator imathanso kusiya mitengo ndi mapiri osasuntha kwinaku ikulondolera nyenyezi. Ndi njira imeneyi APS-C yakale imatulutsa chithunzi choyera kuposa chithunzi chimodzi cha full frame yatsopano. Pojambula zotsatizana chonchi zimitsani Long Exposure Noise Reduction, chifukwa imawirikiza kawiri nthawi ya chithunzi chilichonse.

Ndi nthawi iti komanso malo ati abwino kuno kwathu?

Apa ndi pamene tili ndi mwayi woposa anthu ambiri amene amalemba za makamera pa intaneti. Chipata ili pa madigiri pafupifupi 13.6 kummwera kwa equator, ndipo pakatikati pa Mlalang'amba, pamene pali powala ndi pokongola kwambiri, pamadutsa madigiri 15 okha kuchokera pamwamba penipeni pa mitu yathu. Ku London gawo lomweli silikwera n'komwe madigiri 10 kuchokera pansi. Iwo amafunafuna makamera odula kuti alimbane ndi kuwala kwa mizinda, pamene ife mdima tili nawo pafupi.

Miyezi yabwino ndi Meyi, Juni ndi Julayi. Mvula imakhala itatha, mpweya uli woyera, usiku uli wozizira. Pakati pa Juni gawo lowalalo limafika pamwamba pakati pa usiku, pakati pa Julayi cha m'ma 22 koloko, pakati pa Ogasiti cha m'ma 20 koloko. Kuyambira Ogasiti anthu akayamba kutentha tchire, utsi ndi fumbi zimaphimba thambo ndipo nyenyezi za m'munsi zimazilala. Kumayambiriro kwa Meyi, cha pa 5 ndi 6, kumakhala nyenyezi zothothoka zotchedwa Eta Aquariids, zimene zimaoneka bwino m'bandakucha. Za Geminids za pa 13 ndi 14 Disembala ndi zambiri, koma zimagwa m'dzinja ndipo mitambo imalanda. Timitambo tiwiri tija toyera ta kummwera, totchedwa Magellanic Clouds, timakwera madzulo kuyambira Okutobala mpaka Januwale, ndiye mvula ikangokusa thambo usiku wina, tulukani.

Mwezi ndiwo umalamula tsiku. Umazungulira masiku 29 ndi theka, ndipo masiku abwino ndi ochepa aja ozungulira nthawi imene mwezi wafa. Pulogalamu yaulere ya Stellarium imakuonetsani zonsezi pasadakhale.

Za malo, tulukani m'tauni makilomita 20 kapena 30, kulowera ku Chadiza, ku Lundazi kapena ku Mfuwe, ndipo muime moti kuwala kwa Chipata kukhale kumbuyo kwanu. Fikani kusanade, kaonaneni ndi amfumu kapena eni munda, fotokozani chimene mwabwerera. Munthu wachilendo woyendayenda usiku ndi tochi yofiira pafupi ndi khola la ng'ombe kapena manda angaganiziridwe zina, ndipo anthu sangakhale olakwa kumuganizira choncho. Musapite nokha, valani nsapato zotseka, ndipo ku Mfuwe musachoke pamalo ogona popanda mlonda chifukwa mvuu ndi njovu zimayenda usiku. M'madambo mame amagwa pa lenzi, choncho sankhani pamtunda.

Mwezi ndi kadamsana zimafuna chiyani?

Mwezi ndi wowala chifukwa umaombedwa ndi dzuwa, ndiye muujambule ngati chinthu cha masana: f/11, ISO 100, shata 1/100, n'kusintha pang'ono kuchokera pamenepo. Lenzi ikhale yaitali. Pa 300mm mwezi umatenga mamilimita osakwana 3 pa sensa, pa 600mm pafupifupi 5.5, ndiye lenzi yanu ya ku Luangwa ndi yomweyo ya mwezi. Pa kadamsana wa mwezi, monga wa pa 27 Julayi 2018 ndi wa pa 7 Seputembala 2025, mwezi umafiira n'kuda kwambiri, ndipo mumafunika tripod, ISO yokwera ndi shata ya pafupifupi sekondi imodzi.

Dzuwa ndi nkhani ina. Akuluakulu akukumbukira kadamsana wa pa 21 Juni 2001 amene anadetsa Lusaka masana. Musalozetse lenzi yaitali padzuwa popanda sefa yopangidwira dzuwa yoikidwa kutsogolo kwa lenzi. Sensa imapsa, ndipo pa DSLR diso lanu likhoza kuwonongeka kosachiritsika.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndiyang'ane chiyani?

Funsani shutter count, chiwerengero cha zithunzi zimene shata yajambula. Makamera aang'ono anapangidwira pafupifupi 100,000, D750 150,000, D500 ndi 7D Mark II 200,000. Kamera ya wojambula maukwati ikhoza kuoneka yatsopano kunja koma itayenda kwambiri. Jambulani khoma loyera pa f/16 kuti muone fumbi ndi zokanda pa sensa. Tsekani lenzi ndi chivindikiro, jambulani masekondi 30 pa ISO 1600, muone kuchuluka kwa timadontho towala tosasuntha. Ochepa ndi abwinobwino. Unikani mkati mwa lenzi ndi tochi ya foni, ndipo mukaona timizere tonga ulusi, imeneyo ndi nkhungu, isiyeni. Yesani fokasi pa munthu amene akuyenda kubwera kwa inu.

Zambiri zimagulidwa ku Lusaka, ku Lilongwe kudzera pa Mwami, kapena kuitanitsa ku Johannesburg ndi kwina. Poitanitsa kunja werengerani msonkho wa ZRA, kuphatikizapo VAT ya 16 peresenti, musanasangalale ndi mtengo wa pa intaneti. Musatumize ndalama pa foni kwa munthu amene simunamuone pamodzi ndi kamerayo, ndipo pemphani risiti kapena kalata yogulitsirana yolembapo nambala ya kamera, chifukwa zakuba zimayendanso.

Batire ndi kasamalidwe, nanga?

Khalani ndi mabatire awiri kapena atatu. Kuzizira kwa Juni ndi shata yotseguka nthawi yaitali zimamaliza batire msanga, ndiye losungira likhale m'thumba la jekete kuti lifunde. Mirrorless zambiri zatsopano zimatchajidwa ndi power bank kudzera pa USB, ndipo pa DSLR mukhoza kugula chaja ya USB. Izi zimathandiza malaiti akapita tsiku loti mawa kuli ntchito. M'dzinja sungani malenzi m'bokosi lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, osati m'chikwama chonyowa pansi pa bedi. Fumbi lichotseni ndi kampira kopemerera, osati pakamwa kapena ndi malaya.

Ndamva za makamera opangidwira nyenyezi zokha komanso za star tracker. Ndizifuna?

Makamera wamba ali ndi sefa kutsogolo kwa sensa imene imatchinga gawo lalikulu la kuwala kofiira kwa mpweya wa hydrogen, kwa pa 656 nanometer, kumene mitambo ya m'mlengalenga monga ya Carina ndi ya Orion imatulutsa. Canon 20Da ya 2005, 60Da ya 2012, EOS Ra ya 2019 ndi Nikon D810A ya 2015 zinasinthidwa kuti zilole kuwalako. Masana zimapendekera kofiira, ndipo khungu la anthu limafuna kukonzedwa pa kompyuta. Kwa munthu wa kamera imodzi amene Loweruka amajambula ukwati kapena mpira, sindingalangize zimenezi.

Star tracker, monga Sky-Watcher Star Adventurer kapena iOptron SkyGuider Pro, ndi kamakina kamene kamatembenuza kamera motsatira thambo, moti shata ikhoza kutseguka mphindi imodzi kapena ziwiri popanda timizere. Imatsegula njira ya malenzi a 135mm ndi 200mm pa mitambo ija. Vuto lathu ndi kuilozetsa pamalo pamene thambo limazungulirapo, pamene munthu amapapeza poyang'ana nyenyezi ya pafupi napo. Anzathu a kumpoto ali ndi Polaris yowala, pamene ife tili ndi Sigma Octantis, kanyenyezi kofooka kovuta kukaona ndi maso, ndipo kuno kamakhala madigiri 13 okha kuchokera pansi, kumene mapiri, mitengo ndi utsi zimatchinga. Zimatheka ndi kampasi, pulogalamu ya pafoni ndi malo otseguka kummwera, koma zimafuna kuphunzira. Makamera ena a Pentax ali ndi Astrotracer, imene imasuntha sensa yeniyeniyo kutsatira nyenyezi popanda kulozetsa kulikonse. Gulani tracker mukatha nyengo yathunthu ya Meyi mpaka Julayi mukujambula ndi tripod ndi kuphatikiza zithunzi, pamene mwayamba kuona kuti masekondi 20 sakukukwaniraninso.